Kalasi yonse ikuwerenga, nanga mwana payekha?

Munthu wodutsa pafupi ndi sukulu ya pulayimale m'dera la Lobi m'boma la Dedza cha m'ma 8 koloko m'mawa amamva phokoso lokoma m'khutu. Mphunzitsi akaloza pa bolodi ndi kandodo, ana amayankhira pamodzi: "ma, me, mi, mo, mu!" Mawuwo amatulukira pa mawindo mpaka kukafika kumsewu kumene anyamata akukweza matumba a kachewere pa lole. Kholo likamva zimenezi limapitiriza ulendo wake wa kudimba mtima uli m'malo, poti ana akuphunzira.

Koma phokoso limenelo limabisa zambiri. M'kalasi ya ana 100 kapena kuposerapo, monga zimakhalira m'masitandade oyambirira m'sukulu zambiri m'dziko muno, ana amene akuonadi zolembedwa pa bolodi amakhala owerengeka, makamaka okhala kutsogolo. Ena onse amangotola mawu pakamwa pa anzawo, ndipo khutu la mphunzitsi silingathe kusiyanitsa wowerenga ndi wotsatira. Mwana amatha chaka chathunthu akuyankhira nawo, tsamba lililonse ataliloweza, koma mukamutengera pambali n'kumulozera mawu amodzi pakati pa tsamba lomwelo, amathamangira kuyang'ana chithunzi, kenako nkhope yanu, kenako pansi.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 2010, Unduna wa Zamaphunziro mothandizidwa ndi bungwe la USAID unayesa ana a m'sukulu zosiyanasiyana m'dziko lonse, mmodzimmodzi, pogwiritsa ntchito mayeso otchedwa EGRA. Zotsatira zake zinadzidzimutsa anthu. Mwa ana 10 aliwonse a sitandade 2, oposa 7 sanathe kuwerenga ngakhale mawu amodzi m'kankhani ka Chichewa. Ku sitandade 4, ana 4 mwa 10 aliwonse anali chimodzimodzi, atatha kale zaka zitatu pa sukulu. Patapita zaka pafupifupi 10, kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, amene nthambi ya boma ya National Statistical Office inachita pamodzi ndi UNICEF, anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kuyankha mafunso ake. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, ndipo midzi ya ku Lobi ndi mbali ya dziko lomwelo.

Luso limene likusowali aphunzitsi amalitcha kuwerenga mosadodoma. Mwana atchule mawu molondola, aziyenda pa liwiro labwino, ndipo azimveka ngati munthu amene akulankhula, wopuma pa mpatuliro, woima pa mpumiro, wokweza mawu akaona mfunsiro.

Ena amadabwa kuti liwiro likulowa bwanji pa nkhani ya kuwerenga. Kodi woyenda pang'onopang'ono sakafika? Yankho lili m'mene mutu wa munthu umagwirira ntchito. Mu 1974, akatswiri awiri a ku America, David LaBerge ndi S. Jay Samuels, anafotokoza kuti maganizo a munthu sangasenze ntchito ziwiri zolemera nthawi imodzi. Mphamvu zonse zikathera pa kulimbana ndi malembo, sipatsala zoganizira tanthauzo. Taonani mwana amene akuphunzira kupalasa njinga: maso ali pa mapedulo, manja aumira pa mahandulo, ndipo mukamufunsa kuti wadutsana ndi yani sangakuuzeni. Wakabaza wozolowera amayenda pa msewu wa ku Thete thumba lili kumbuyo uku akucheza ndi mnzake, chifukwa miyendo ikudziwa yokha chochita. Kuwerenga nako kumayenera kufika pamenepo. Mwana amene amatha theka la mphindi pa chiganizo chimodzi, "A-ma-yi... a-na... a-na-pi... a-na-pi-ta...", pofika kumapeto amakhala ataiwala kale poyambira. Mawu onse wawatchula bwino, koma mukamufunsa kuti amayi anapita kuti, amangokuyang'anani.

Mwana wotere amadziwika mwa njira imodzi yokha: kumumvera payekha. Mayeso a EGRA, amene bungwe la RTI International linakonza mu 2006 ndipo agwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ndi apakamwa, mwana mmodzi ndi woyesa mmodzi, pamalo opanda phokoso. Woyesa amayamba wamuchotsa mwana mantha, kumuuza kuti awa si mayeso okhozera kapena kubwerezera kalasi. Akatero amamupatsa pepala la malembo osakanizasakaniza kuti awatchule kwa mphindi imodzi. Likatha limenelo pamabwera la maphatikizo, kenako la mawu odziwika, kenako la mawu opeka opanda tanthauzo lililonse, monga "zeku" kapena "nudi". Mawu opekawa ali ndi ntchito yaikulu. Palibe mwana amene angakhale atawaloweza kale, choncho wowawerenga ndiye kuti akulumikizadi malembo.

Pachimake pa zonse pali kankhani ka mawu pafupifupi 60. Yerekezani mtsikana wa sitandade 3 wakhala pa benchi kuseri kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu, manja atawabisa m'juzi chifukwa cha kuzizira. Aphunzitsi ali ndi pepala lawo lofanana ndi la mwanayo, pensulo, ndi foni yowerengera nthawi. "Yambira apa, mwanawe. Ukapeza mawu okuvuta, ingopitirira." Mtsikana uja atulutsa chala n'kuchiika pansi pa mawu oyamba. Akalakwitsa, aphunzitsi sayankhula, amangodula mawuwo ndi kamzere pa pepala lawo. Akadzikonza yekha, mawuwo amawerengedwa kuti wakhoza. Akaima masekondi atatu osatulutsa kanthu, amamulozera mawu otsatira. Mphindi ikakwana amaika chizindikiro pamene walekezera. Ngati wafika pa mawu a 34 ndipo walakwitsa 6, ndiye kuti akuwerenga mawu olondola 28 pa mphindi. Zikatero amamufunsa mafunso a gawo lokhalo limene wawerenga. Mwana akalephera mzere woyamba wonse, mayeso amaimira pomwepo kuti asazunzike pachabe, ndipo ana oterewa ndi amene amalembedwa ziro m'malipoti aja.

Pali gawo linanso limene woyesa amawerenga yekha kankhani mokweza, mwana n'kumangomvetsera, kenako n'kuyankha mafunso. Gawo limeneli makolo ayenera kulidziwa. Kawirikawiri mwana amene wapeza ziro powerenga amayankhako ndithu nkhani akaimva ndi khutu. Nzeru zilipo, chinenero akuchidziwa, chomuvuta ndi malembo basi. Mayina akuti mbuli kapena wouma mutu, amene akuluakulu ena amafulumira kuponyera ana otere, ndi abodza, ndipo amachititsa mwana kudana ndi buku asanalidziwe n'komwe.

Nanga 28 ndi wambiri kapena wochepa? Helen Abadzi, katswiri amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku World Bank, amati mwana amafunika kuwerenga mawu 45 mpaka 60 pa mphindi kuti amve zimene akuwerenga. Muyezo umenewu sungangonyamulidwa n'kuikidwa pa Chichewa mosaganiza, chifukwa Chichewa chimamanga mawu aataliatali. "Sitikanawapezanso" ndi mawu amodzi pa pepala la woyesa, koma ali ndi maphatikizo 8, ndipo m'Chingerezi ganizo lomwelo lingafune timawu tambiri tatifupi. Mwana wa ku Lobi amene wawerenga mawu 40 a Chichewa wadutsa malembo ochuluka kuposa mnzake wa ku London amene wawerenga mawu 40 a Chingerezi. N'chifukwa chake chinenero chilichonse chimafuna muyezo wakewake, wopezeka poona liwiro la ana amene akuyankhadi mafunso molondola.

Kwa mphunzitsi wa m'kalasi, chaphindu kwambiri n'kuyerekeza mwana ndi iye mwini. Mu Okutobala anali pa 12. Kodi mu Febuluwale wafika pa 20, kapena sanasunthe? Palinso ngozi yofunika kuisamala. Ana akazindikira kuti aphunzitsi akungofuna liwiro amayamba mpikisano, kumeza maphatikizo, kulumpha mpumiro, kufika kumapeto ali wefuwefu osadziwa zimene anena. Wotchi isamayende yokha. Nthawi zonse izitsatidwa ndi funso lakuti, "Tandiuza, chachitika n'chiyani m'nkhaniyi?"

Akuluakulu akamva za vutoli amakumbuka buku la Sosa, limene mibadwo yambiri inaphunzirira kuphatikiza malembo. Muli choona m'madandaulo awo, ngakhale kuti kalelo ana opita ku sukulu anali ochepa, ndipo olephera ankangosiya popanda wowawerenga. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, chifukwa ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, moti boma linalemba ntchito aphunzitsi masauzande ambiri osanaphunzitsidwe mokwanira. Silabasi ya PCAR itayamba mu 2007, inatsamira kwambiri pa kuphunzitsa ana mawu athunthu, ndipo aphunzitsi ambiri anadandaula kuti maphatikizo aikidwa pambali.

Kuwaika pambali kunali kutaya mwayi, chifukwa Chichewa chimalembedwa monga chimamvekera. Malembo a liwu ndi asanu okha, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa iwo. Mwana akadziwa kuti k ndi a zikakumana ndi "ka", ndi "ka" paliponse, lero ndi mawa. Zotsatira za 2010 zitatuluka, ntchito yoyeserera yotchedwa Maziko a Kuwerenga inayamba m'maboma a Salima ndi Ntchisi, n'kubwezeretsa maliwu ndi maphatikizo patsogolo. Zimene zinaphunziridwa kumeneko zinathandiza kubala National Reading Programme, imene inafika m'sukulu zonse za boma mu Seputembala 2016, kuyambira sitandade 1 kenako n'kukwera mpaka sitandade 4. Mabuku ake, okonzedwa kudzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, sayambira pa a, b, c. Amayambira pa malembo opezeka kawirikawiri m'Chichewa, mndandanda umene aphunzitsi amautcha anikumeto. Nzeru yake ndi yakuti mwana akangodziwa a, n, i ndi k, angathe kale kuwerenga mawu enieni monga "ana", "ina", "ika" ndi "kana", osadikira kumaliza alifabeti yonse. Phunziro limayenda magawo atatu: mphunzitsi achite yekha, achite pamodzi ndi ophunzira, kenako ophunzira achite okha.

Gawo lachitatuli ndi limene limavuta m'kalasi yodzaza. "Okha" amasanduka "onse pamodzi", ndipo wosadziwa amabisalanso. Pali malo enanso amene ana ambiri amakakamira, pa maphatikizo a malembo atatu kapena kuposerapo. Mwana wodziwa bwino "ta" ndi "ka" amagwa akakumana ndi "nkhu", "mphi", "ntchi" kapena "ng'o", chonsecho amenewa ndiwo amanga mawu a tsiku ndi tsiku: nkhuku, mphika, ntchito, ng'ombe. Akajomba masabata amene maphatikizo amenewa akuphunzitsidwa, buku silimudikira.

Pa nkhani ya kujomba, Lobi ali ndi zovuta zakezake. Kumapiri a Dedza mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri. Nkhungu imakuta zigwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo mwana wa zaka 6 wopanda nsapato kapena juzi amafika mochedwa, mwinanso osapita n'komwe. Nyengo ya mvula mitsinje ikadzaza, ang'onoang'ono sawoloka. Ulimi wa kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi, umene umadyetsa derali ndi misika ya kutali, supumira nyengo: dzinja kumunda, chilimwe kudimba, ndipo manja a ana amafunika pothirira, potola mbatatesi, kapena polera khanda amayi ali kumsika. Palibe kholo limene limachita izi chifukwa chodana ndi sukulu, ndi mmene pakhomo pamapezera chakudya ndi ndalama ya yunifolomu yomwe. Koma luso la kuwerenga limakula ndi kubwereza tsiku ndi tsiku, ndipo masiku awiri otayika pa sabata amadzaonekera pa wotchi.

Dera lomweli lilinso ndi mwayi umene ana a ku Rumphi, Karonga kapena Mangochi alibe. Mwana wa ku Lobi amaphunzira kuwerenga m'chinenero chimene anayamwira, chimene agogo ake amamufotokozera nthano, pamene mnzake wolankhula Chitumbuka, Chinkhonde kapena Chiyao kunyumba amalimbana ndi malembo ndi chinenero chachilendo nthawi imodzi. Mwayiwu uli ndi nthawi yake. Kuyambira sitandade 5 mabuku onse kupatula la Chichewa amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a sitandade 8 nawo ndi choncho. Amene sanakhazikike pa Chichewa amafika kumeneko alibe pogwira. Katswiri wina, Keith Stanovich, analemba mu 1986 kuti mwana wowerenga bwino amakonda kuwerenga, n'kumapitabe patsogolo, pamene wovutika amathawa buku, moti mpata pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka.

Njira zothetsera kudodoma zimadziwika. Samuels yemwe uja mu 1979 analemba za kuwerenga mobwerezabwereza: mwana atenge kandime kafupi kogwirizana ndi pamene ali, akawerenge mokweza katatu kapena kanayi pamaso pa munthu womukonza akalakwitsa. Gulu la akatswiri la ku America lotchedwa National Reading Panel litaunika kafukufuku wambiri mu 2000, linatsimikiza kuti kuwerenga mokweza kotere, pali womvera ndi wokonza, kumathandizadi pa kulondola, pa liwiro ndi pa kumvetsa. Chimene anthu amaphonya n'chakuti kandimeko kasakhale kovuta. Ngati mwana akulakwitsa mawu oposa amodzi pa 10 aliwonse, abwerere ku tsamba losavuta, ngakhale likhale la kalasi ya m'mbuyo, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Poyesa ngati wapita patsogolo, apatsidwe kandime kena katsopano, chifukwa kamene wakabwereza kanayi wakaloweza.

Mphunzitsi mmodzi sangamvere ana 100 pa tsiku, koma angamvere 5. Ana 5 pa tsiku ndi 25 pa sabata, ndipo mwezi ukamatha kalasi yonse yamveka, aliyense dzina lake lili m'kope, nambala yake pambali, ndi maphatikizo amene amugwetsa. Pa nthawi imeneyo enawo amawerengerana awiriawiri, wodziwako ndi wovutikako, buku limodzi pakati, wina akuwerenga wina akutsata ndi chala, kenako n'kusinthana. Mphunzitsi amene amawerengera ana nkhani mokweza, mawu akusintha pamene akulankhula Kalulu ndi pamene akuyankha Fisi, amawaonetsa kumene akupita, poti ana ambiri sanamvepo munthu akuwerenga Chichewa mokoma kupatula kutchalitchi. Alangizi a sukulu, ma PEA, akamayendera makalasi akanamapempha kope limeneli asanapemphe masikimu. Ndipo makoleji a aphunzitsi, monga ya St Joseph's ku Bembeke m'boma lomweli la Dedza, ndiwo malo oyenera kuti munthu azolowere kugwira wotchi ndi pensulo asanapatsidwe kalasi yake.

Kenako pali nkhani ya mabuku. M'sukulu zambiri mabuku amagona m'makatoni mu ofesi poopa kuti ang'ambika kapena asowa, ndipo manthawa ndi omveka poti ena sabwera msanga. Komabe buku lokutidwa ndi pepala la shuga, lakuda m'makona chifukwa cha zala za mwana, ndilo lagwira ntchito imene linagulidwira. Likafika kunyumba, kholo losadziwa kuwerenga lisadziderere. Mayi angathe kunena kuti, "Tabwera undiwerengere, mwanangu," uku akutong'ola chimanga pakhonde dzuwa lisanalowe, ndipo khutu lawo lidzamva lokha ngati mwana akujejema kapena nkhani ikuyenda. Angathenso kufunsa kuti, "Ndiye galuyo anathawira kuti?" Wokonza zolakwa angakhale achemwali kapena achimwene a sitandade 7. Mphindi 15 pa tsiku n'zokwanira kuyambira.

Zowerenga zina zilipo: Buku Lopatulika, buku la nyimbo, nyuzipepala za Boma Lathu ndi Fuko, masamba a Chichewa a Tamvani, Msangulutso ndi Tikambe, timabuku ta Werengani ta National Library Service, ngakhale uthenga wa pafoni wochokera kwa malume ali ku Johannesburg. Vuto n'lakuti zambiri mwa izi zinalembedwera akuluakulu, ndipo sizifika kumudzi kawirikawiri. Timabuku ta ana ta Chichewa, ta malembo aakulu ndi ziganizo zazifupi, n'tochepa kwambiri, ndipo olemba ndi osindikiza mabuku m'dziko muno ali ndi ngongole pamenepa. Bungwe la Save the Children litayamba ntchito ya Literacy Boost ku Zomba mu 2009, linaika mtima pa mbali yomweyi: magulu owerengera kumudzi kunja kwa nthawi ya sukulu, otsogoleredwa ndi anthu odzipereka, ndi timabuku tobwereka. Mfumu ikapereka malo ndi tsiku, amayi a mother group n'kulondola ana, gulu lotere silifuna nyumba.

Nanga ana a sitandade 4 ndi 5 amene anatsalira kale? Kubwereza kalasi, kumene kumagwera pafupifupi mwana 1 mwa 4 aliwonse ku pulayimale chaka ndi chaka, kumangowabwezera ku phunziro lomwe linawakanika, lophunzitsidwa mwa njira yomweyo. Tsidya lina la Mchinji, ku Zambia, anayesa zina. Mu 2016 anayamba pulogalamu ya Catch Up m'sukulu 80 za zigawo za Eastern ndi Southern, kuphatikizapo maboma a Chipata ndi Katete kumene ana amawerenga Chinyanja. Njirayi anaitengera ku bungwe la Pratham la ku India. Mwana aliyense wa giredi 3 mpaka 5 amayesedwa payekha n'kuikidwa pa gulu malinga ndi pamene wafika: woyamba kumene, wa malembo, wa mawu, wa ndime, wa nkhani. Kwa ola limodzi pa tsiku za kalasi zimaiwalika. Wa giredi 5 amene akadali pa malembo amakhala pansi ndi wa giredi 3, akusewera ndi timapepala ta maphatikizo, ndipo akangokwanitsa amakwera gulu lina osadikira kuti chaka chithe. Boma la Zambia litaona zotsatira linaikulitsa mpaka m'sukulu masauzande angapo. M'njira imeneyi mulibe chimene sukulu ya ku Lobi singakwanitse ndi makatoni akale, choko, ndi ola limodzi logwirizana ndi makolo. Cholemera n'chakuti olalo ndi ntchito yowonjezera kwa mphunzitsi amene watopa kale, ndipo aliyense wofuna kuti zitheke ayambe wavomereza zimenezo.

Masiku ano kukubweranso matabuleti. Mu 2023 boma linayamba pulogalamu ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Ana amavala mahedifoni n'kumaphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa mapulogalamu a bungwe la onebillion, makinawo akutchajidwa ndi sola. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amayankha yekha ndi chala chake, pa liwiro lake, ndipo palibe mnzake womubisa. Koma mawu okoma, opuma pa mpatuliro, amafunabe khutu la munthu.

Pakufunikanso kuti eni dera adzidalire. USAID, amene analipira gawo lalikulu la mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi a National Reading Programme, anatsekedwa ndi boma la America mu 2025. Zotsala zili m'manja mwa unduna, aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi kandalama kotukulira sukulu kamene boma limatumiza. Pa msonkhano wa makolo nkhani zimakhala za njerwa, zimbudzi ndi phala, ndipo zonsezi n'zofunika. Koma kholo lilinso ndi ufulu woimirira n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi aakulu, ndi ana angati a sitandade 2 amene akutha kuwerenga ndime payekhapayekha teremu ino?" Yankho lake liyenera kukhala nambala, ndipo teremu yotsatira funsolo lifunsidwenso.

Kope la mphunzitsi limaululanso kagulu kena kakang'ono: ana amene sajomba, akuyesetsa, koma nambala yawo yatha miyezi itatu osasuntha. Mwana wotere asanakalipiridwe aonedwe bwino. Wotsinzinira poyang'ana bolodi, kapena woyandikitsa buku pamphuno, mwina ndi maso. Wopendeketsa mutu mbali imodzi, kapena amene khutu limatuluka mafinya, mwina sakumva kusiyana kwa "pa" ndi "pha", ndipo ayenera kupita kuchipatala. Wina ndi njala, wina malungo obwerezabwereza. Alipo enanso, maso ndi makutu zili bwino, nzeru zakuthwa, koma malembo amawasokonekera ndipo kulumikiza maliwu kumawavutabe mpaka sitandade 4, vuto limene akatswiri amalitcha dyslexia. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera, kuphatikizapo ovutika kuphunzira, koma aphunzitsiwa ndi ochepa ndipo mmodzi amayendera sukulu zingapo. Njira yowafikira ndi kudzera kwa mphunzitsi wamkulu ndi PEA ku ofesi yake ya TDC. Mphunzitsi wopita kumeneko atanyamula kope losonyeza zimene mwana wakhala akupeza mwezi ndi mwezi, maphatikizo amene amamugwetsa ndi njira zimene zayesedwa kale, amafupikitsa ntchito ya katswiriyo.